Ulendo wa pa boti pa Shire ku Liwonde: zomwe ndinaona ndi zomwe eni boti ayenera kukonza

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Balaka, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula mvuu ndi choko pa bolodi. Chaka chilichonse ikakwana nthawi ya phunziro la magulu a nyama, ndimadula mizere isanu ya nyama za msana: zoyamwitsa, mbalame, zokwawa, nsomba, ndi za gulu la achule. Ana amakopera, amaloweza, mayeso akabwera ambiri amakhoza. Koma ukawafunsa chifukwa chake mleme suli m'gulu la mbalame pomwe umauluka, m'kalasi mumangoti zii. Zimenezi zakhala zikundiwawa mumtima, chifukwa mtsinje wa Shire uli pafupi pomwepa, koma ana anga ambiri nyama amazidziwira pa bolodi. N'chifukwa chake ndinasunga ndalama pang'onopang'ono ku banki m'khonde mpaka ndinakwanitsa kulipira ulendo wa pa boti m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, kuti ndikaone kaye ndekha ngati ndi malo oti n'kudzapitako ndi kalasi.

Tinapita pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinali atatu: ine, mwana wanga wamwamuna wa Sitandade 6, ndi bambo anga, omwe paunyamata wawo anali msodzi kumtunda kwa mtsinjewu, chakufupi ndi nyanja ya Malombe. Boti tinakwera la kampani ina yomwe ili m'mbali mwa Shire kufupi ndi tauni ya Liwonde. Dzina lake sinditchula, popeza pali zina zomwe ndidandaule.

Ndiyambe ndi zodandaulazo kuti zichoke panjira. Pa foni anatiuza kuti boti linyamuka m'mawa kwambiri, ndiye tinalawirira, minibasi yoyamba, kuwoloka pa Kamuzu Barrage dzuwa lisanakwere. Tinakhala padoko kupitirira ola lathunthu, kudikira alendo anayi ochokera kunja omwe anali asanamalize kadzutsa. Palibe anabwera kudzatiuza kanthu mpaka nditakafunsa ndekha. Pa ulendo woona nyama ola la m'mawa ndi lamtengo wapatali, chifukwa dzuwa likakula nyama zambiri zimathawira pamthunzi. Chachiwiri, mtengo womwe anatiuza pa foni sunaphatikize ndalama yolowera m'nkhalango, ndipo izi tinazimva tili kale pomwepo. Mwayi wake ife Amalawi timalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo ndinali nditatenga chiphaso changa cha unzika. Musachiiwale. Chachitatu, chomwe chinandikwiyitsa kwambiri, majekete oyandamitsa munthu pamadzi analipo a akuluakulu okhaokha. Mwana wanga anamuveka lomwe linkamufika m'mawondo, ndipo ndinachita kulimanga ndi chitenje kuti lisavuke. Mumtsinje wodzaza ng'ona ndi mvuu, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Titanyamuka, gaidi wathu, wotilongosolera za nyama, mnyamata wa zaka za m'ma 30, anayamba kulongosola m'Chingerezi nkhope italoza kwa alendo aja. Ife tinkangoona msana. Zinasintha pamene tinadutsa pa mtengo wina waukulu womwe pamphanda pake panali chisa chachikulu ngati nkhokwe yaing'ono. Gaidi anatchula dzina la mbalameyo m'Chingerezi, bambo anga n'kuyankha chapansipansi kuti, "Ameneyo ndi nantchengwa." Mnyamata uja anatembenuka, n'kuvula chipewa.

"Madala, mumazidziwa mbalamezi?"

"Ndinakulira pamadzi pano, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo chilichonse ankachinena kawiri, ndipo nthawi zambiri ankayamba wafunsa bambo dzina la Chichewa asanatchule lake. Ndikumuyamikira pa zimenezi. Komabe sizinayenere kudikira kuti nkhalamba ilankhule kuti ife tiwerengedwe ngati makasitomala. Tinalipira ndalama monga anzathuwo.

Tsopano zomwe zinandipangitsa kuiwala mkwiyo wa padoko.

Gulu loyamba la mvuu tinalipeza pa gombe lina la mtsinje, pafupi ndi bango. Woyendetsa anazimitsa injini. Pamadzi pankaoneka timakutu, maso ndi mphuno basi, thupi lonse lili pansi. Gaidi sanayambe ndi kutiuza kulemera kwa mvuu monga ndinkayembekezera. Anamufunsa mwana wanga kuti, "Aphwanga, mukuona chiyani pamwamba pa madzi?" Mwana anatchula. "Chabwino, sungani zimenezo." Patangopita mphindi zochepa tinaona ng'ona ikuyandama ngati chipika, ndipo funso linali lomwelo. Maso ndi mphuno basi. "Nanga chule akakhala m'chithaphwi kwanu, mumaona chiyani?" Mwana anaseka, wazindikira. Nyama zitatu, ina yoyamwitsa, ina yokwawa, ina ya gulu la achule, zopanda chibale chapafupi, koma zonse maso ndi mphuno zili pamwamba pa mutu, pamzere umodzi, kuti zizitha kuona ndi kupuma thupi litabisika m'madzi. Anati malo okhala ndi omwe amaumba maonekedwe, ndiye amene akufuna kudziwa chibale cha nyama asathamangire maonekedwe. Afunse kuti imabereka bwanji, mwana wake amadya chiyani, pakhungu pali ubweya, nthenga kapena mamba, ndipo mafupa ake alumikizana bwanji.

Ndinatulutsa kope langa pomwepo n'kulemba. Funso la mleme lija yankho lake ndi lomweli, ndipo ndakhala ndikulidziwa, koma ndinali ndisanapeze njira yoti mwana alione ndi maso ake. Mleme uli ndi mapiko chifukwa chakudya chake chili m'mlengalenga, koma uli ndi ubweya, umabereka mwana wamoyo, umayamwitsa, ndipo phiko lake ndi khungu lotambasuka pakati pa zala zazitali.

Pa mvuu tinakhalitsa, ndipo sindinatope. Gaidi anafotokoza kuti mvuu kwenikweni siisambira monga achitira galu kapena munthu. Mafupa ake ndi olemera, ndiye imayenda kapena kudumphadumpha pansi pa mtsinje, n'kumadzikankhira m'mwamba kukapuma. Ikamira, mphuno ndi makutu zimatsekeka zokha, ndipo imatha kukhala pansi mphindi pafupifupi zisanu. Mwana wanga anawerengera pa wotchi yanga imodzi yomwe inamira pafupi nafe, koma inakatulukira kwina ndipo tinasokonezeka nayo. Khungu lake, ngakhale ndi lochindikala, silipirira dzuwa, limauma ndi kung'aluka, n'chifukwa chake usana wonse imakhala m'madzi, usiku n'kutuluka kukadya udzu, makilogalamu ngati 40 usiku umodzi. Imatulutsanso timadzi tofiirira pakhungu tomwe anthu amati ndi thukuta la magazi, koma si magazi. Ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi ku tizilombo toyambitsa matenda pa zilonda. Zilondazo tinaziona ndi maso: yamphongo ina inali ndi mikwingwirima yaitali pamsana, zipsera za mano a inzake. Itayasamula, mano akutsogolo aatali ngati mkono wa mwana, gaidi anati kumeneko si kugona tulo, ndi chenjezo. Mano amenewo sidyera udzu, ndi omenyera nkhondo. Udzu imabudula ndi milomo.

Kenaka ananena chinthu chomwe bambo anga anachikana poyera. Anati m'bale wapafupi wa mvuu pa nyama zonse zamoyo lero si nkhumba, koma namgumi wa m'nyanja zamchere. Bambo anapukusa mutu. "Mvuu ndi nkhumba ya m'madzi, mwana wanga. Taona mutu wake." Gaidi sanatsutsane nawo mwamwano. Anati akatswiri nawonso kwa nthawi yaitali ankaganiza choncho, mpaka atayeza za m'magazi ndi kufananiza mafupa akale okumbidwa pansi. Anawonjezera kuti mvuu ndi namgumi onse amayamwitsa ana awo m'madzi momwemo. Bambo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Zoyamwitsa m'madzizo ndi zoona, ndinaziona." Za namgumi sanavomere mpaka tinafika kunyumba.

Apa ndiyenera kunena cholakwa china. Woyendetsa boti, pofuna kuti alendo ajambule bwino, anayandikira kwambiri mvuu yomwe inali ndi kamwana. Mayiyo anatulutsa mutu wonse, n'kufwenthera mwamphamvu, madzi kuti phwaa. Bambo, omwe amadziwa zomwe mvuu imachita ndi bwato, anagwira mkono wa mdzukulu wawo osanena kanthu. Gaidi anamuuza mnzakeyo kuti abwerere m'mbuyo, ndipo anabwerera, koma sizinayenere kufika pamenepo. Chithunzi sichiposa moyo wa munthu, ndipo nayo nyama ya mwana siyenera kuvutitsidwa.

Ng'ona yaikulu tinaipeza pamchenga, kukamwa kuli yasa. M'kalasi ndimaphunzitsa kuti zokwawa ndi nyama za magazi ozizira, ndipo tsiku limenelo ndinaona kuti mawu amenewa amasocheretsa ana. Ng'ona yomwe yaothera dzuwa la Okutobala magazi ake sangakhale ozizira. Nkhani ndi yakuti thupi lake silipanga lokha kutentha monga lathu, limadalira dzuwa. Ikazizidwa imatuluka kukaothera, ikatenthedwa imayasamula kuti kutentha kutulukire m'kamwa, zikanyanya imabwerera m'madzi. Phindu lake ndi lakuti siwononga chakudya pofunditsa thupi, ndiye ikadya kamodzi mokwanira imatha miyezi osadyanso. Mkango sungathe zimenezo. Gaidi anatiuzanso za kachikopa ka kukhosi komwe kamatseka njira ya madzi, kuti ng'ona izitha kugwira nyama pansi pa madzi kukamwa kuli kotsegula koma osatsamwa, ndi kachikopa kena koonekera mkati komwe kamaphimba diso ikamira.

Nthawi imeneyi ya chilimwe ndi yomwe zazikazi zimakwirira mazira mumchenga. Amakhala pansi pafupifupi miyezi itatu, mayi akulondera pafupi, chifukwa ng'azi imafukula n'kudya. Ng'aziyo tinaionadi ikuyenda m'mphepete, lilime lili tulutsetulutse. Chodabwitsa n'chakuti kutentha kwa mchengawo ndi komwe kumachititsa kuti mwana akhale wamphongo kapena wamkazi. Ana akayandikira kuswa amalira ali m'dzira momwemo, mayi n'kufukula, kuwatola ndi kamwa n'kuwapititsa kumadzi. Apa bambo anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye kuti sinkawadya?" Anati ali mnyamata anaona ng'ona ikutola tiana take ndi kamwa, ndipo kwa zaka zonsezi ankakhulupirira kuti ng'ona ndi chilombo chodya ana ake omwe. Ndinawayang'ana nkhope. Munthu wa zaka zoposa 70, chinthu chomwe anachiona ndi maso ake paunyamata chikumasuliridwa lero. Pa ine, mphindi imeneyi yokha inakwana ndalama yonse ya boti.

Gaidi anawonjezera kuti ngakhale timaiika ng'ona pamzere umodzi ndi buluzi ndi ng'azi, pachibale ili pafupi ndi mbalame kusiyana ndi abuluzi. Imakonza malo oikira mazira n'kuwalondera, ana amaitana mayi, ndipo mtima wake uli ndi zigawo zinayi monga wa mbalame. Mizere isanu ya pa bolodi ija ndi yothandiza poyambira, koma ili ndi malire ake, ndipo mwana wa Sitandade 6 si wamng'ono kuti asamve zimenezi.

Panali nthawi ina, injini itazimitsidwa, pomwe gaidi anawafunsa bambo kuti iwo pamudzi nyama ankazigawa bwanji. Bambo anayankha mosazengereza. Pali nyama, kutanthauza zomwe munthu amadya: mbawala, nswala, njati, mbewa. Pali zilombo, zoopsa kapena zosadyedwa: ng'ona, fisi, mkango, njoka. Pali mbalame, pali nsomba, pali tizilombo. Ndinayembekezera kuti mnyamata wophunzirayo awakonza, koma anati kugawa kumeneko kuli ndi nzeru yake, chifukwa kumayankha funso la munthu wokhala m'mbali mwa mtsinje: ichi ndidye kapena ndithawe? Kugawa kwa kusukulu kumayankha funso lina, la chibale. Anatchula Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe m'zaka za m'ma 1700 anakhazikitsa njira yopatsa chamoyo chilichonse mayina awiri a Chilatini, loyamba la mtundu wake waukulu, lachiwiri lakelake, kuti wa ku Liwonde ndi wa ku Japan akamakamba adziwe kuti akunena nyama imodzi. Ng'ona yathuyi ndi Crocodylus niloticus, mvuu ndi Hippopotamus amphibius, njovu ya kuno ndi Loxodonta africana. Mwana wanga anawakonda mayinawa ngati nyimbo, ndipo wakhala akuwatchula pakhomo mpaka lero.

Ine chomwe ndinatolapo n'chakuti mwana akabwera m'kalasi n'kunena kuti ng'ona ndi fisi ndi gulu limodzi, ndisamathamangire kumulemba cholakwa ndi cholembera chofiira. Akunena zomwe anamva kwa agogo ake, ndipo agogowo sananame. Ndiyenera kumuonetsa kuti mafunso ndi awiri.

Mbalame zinali zambirimbiri, ndipo apa m'pomwe kusowa kwa zipangizo kunaonekera. Magalasi oonera patali analipo amodzi okha boti lonse, ndipo nthawi zambiri anali m'manja mwa alendo mpaka mayi wina mwa iwo, mwaulemu wake, anamupatsira mwana wanga. Buku la zithunzi za mbalame linali lachingerezi lokhalokha, lothothoka masamba. Nkhalangoyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, ndiye kampani yomwe imadya ndalama pa mbalamezo ikanatha kusindikiza ngakhale pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki lokhala ndi mayina a Chichewa ndi Chiyao. Komabe gaidi anagwiritsa ntchito bwino zomwe zinalipo. Lamulo lake linali limodzi: yang'ana mlomo, yang'ana mapazi, udziwa chomwe imadya ndi komwe imakhala.

Nkhwazi, yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, inatera pa mtengo wouma n'kulira mutu utapendekera kumbuyo. Mlomo wokhota wong'ambira, zikhadabo zazitali, ndipo kunsi kwa zala kuli tinthu tokhakhala togwirira nsomba yoterera. Mphipi zinali pa nthambi mapiko ali tambasu. Bambo anati zikuyanika zovala, ndipo gaidi anati n'zoonadi: nthenga zake zimalowa madzi kuti izitha kumira mosavuta posaka nsomba, ndiye ikatuluka iyenera kuziumitsa. Panali kambalame kena kofiirira koyenda pamwamba pa masamba oyandama ngati pabwalo, zala zake zazitali kwambiri moti kulemera kwake kumamwazikana tsamba osamira. Pa mtundu umenewu, wamphongo ndi amene amafungatira mazira ndi kulera ana, ndipo pakakhala choopsa amawanyamula kunsi kwa mapiko, timiyendo tokha tili lendelende. Panalinso mbalame ina yakuda, yaitali miyendo, yomwe mlomo wake sutsekeka pakati ngakhale itatseka kukamwa. Chakudya chake ndi nkhono za m'madzi. Tinaidikira mwina mphindi khumi, tonse chete, mpaka inatola nkhono n'kuitulutsa m'chigoba. Bambo ananong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gaidi anawamasulira alendo aja mwambiwo.

Za kumtunda ndidutsapo msanga, chifukwa pa boti umaziona patali. Anakodzwe anali ambiri m'dambo, aliyense ndi mkombero woyera kumbuyo kwake, ndipo satalikira madzi chifukwa sapirira ludzu. Njiri zinkadya zitagwada, ndipo zitadzidzimuka zinathawa michira ili njo, ana akutsatira mchira wa mayi mu udzu. Gaidi anati njiri ikamalowa kuuna imalowa chobwerera m'mbuyo kuti mano aloze kukhomo. Nswala maso ake ali m'mbali mwa mutu kuti iziona mdani kuchokera pafupifupi mbali zonse, pomwe mkango maso ali kutsogolo kuti uziyeza bwino mtunda podumpha. Anatiuzanso kuti tiziwerenga zala: nswala, njati, njiri ndi mvuu zala zake ndi ziwiri kapena zinayi ndipo ndi gulu limodzi, pomwe mbidzi ili ndi chimodzi, chipembere zitatu, ndipo izi ndi gulu lina. Imeneyi ndi njira yomwe mwana aliyense wa kumudzi angaiyese pa mbuzi, nkhumba ndi bulu wa pakhomo.

Njovu zinabwera mochedwa, titayamba kale kubwerera. Zinatuluka m'mitengo ya migwalangwa, yaikazi yaikulu patsogolo, ana pakati. Makutu ankangoti phephere phephere. Mwana wanga anafunsa ngati zakwiya, gaidi n'kuyankha kuti ayi, zikudzipepesa kutentha: m'makutu muli mitsempha yambiri ya magazi pafupi ndi khungu, ndiye zikamakupiza, magazi amazizira n'kubwerera m'thupi. Zinamwa, zinadzithira matope pamsana, kenaka ziwiri zinalowa mumtsinje mpaka thupi lonse linamira, chitamba chokha chili m'mwamba ngati paipi yopumira. Kamwana kena, kosadziwabe kugwiritsa ntchito chitamba, kanagwada n'kumwa ndi kamwa. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo yaikazi yaikulu ija ndi yomwe imakumbukira komwe kuli madzi chaka cha chilala. Ndowe zake, gaidi anati, zimatuluka ndi ulusi wa udzu ndi nthanga zosagayika, chifukwa njovu siibzikula monga ng'ombe kapena nswala. Imadya zambiri n'kugaya pang'ono, ndipo potero imafesa mitengo kulikonse komwe yadutsa.

Kenaka anawafunsa bambo ngati amaidziwa mbira ya m'mapiri, ya m'matanthwe ija. Bambo anati aidziwa, yomwe inasowa mchira chifukwa chotuma anzake. Gaidi anati kanyama kameneko, kooneka ngati mbewa yaikulu, pachibale kali pafupi ndi njovu kusiyana ndi mbewa, ndipo kali ndi timano tiwiri takutsogolo tomwe timakula ngati timinyanga. Bambo anaseka mpaka kupukuta misozi, koma pa iyi sanatsutse kwambiri. Anati mbira anaisendapo, ndipo zala zake zili ndi zikhadabo zaphwatalala zosafanana ndi za mbewa.

Pa njovu pomwepa bambo anasintha nkhope. Anakumbukira zaka zomwe njovu zinkatuluka m'nkhalango usiku n'kumaliza munda wa chimanga wa chaka chonse, anthu akugona kumunda ndi moto ndi zitini. Gaidi sanazembe nkhaniyo. Anafotokoza kuti nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo pofika 2015, pomwe bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, munali misampha ya waya yambirimbiri ndipo mkangano wa anthu ndi njovu unali waukulu. Anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira, anachotsa misampha zikwizikwi, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete anazisamutsira ku Nkhotakota. Mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Anabwezeretsanso nyama zomwe zinatha kapena kuchepa: cheetah (chilombo chothamanga kwambiri chofanana ndi kambuku) mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zakuda 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Zodya nyama zitabwerera, miimba nayo inabwerera, chifukwa tsopano muli zotsala zoti idye. Ndinakonda kuti pa zonsezi sanalankhule ngati wa pa wailesi wotsatsa malonda. Anavomereza kuti kwa mlimi wokhala pafupi ndi mpanda, njovu ikadali nkhani ya nsima ya ana ake.

Mikango, cheetah ndi zipembere sitinazione, ndipo musakwere boti ndi chiyembekezo chimenecho. Zimenezo n'za ulendo wa pa galimoto, womwe ndi mtengo wina. Boti ndi la mvuu, ng'ona, mbalame ndi njovu zikabwera kudzamwa, ndipo miyezi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira cha m'Ogasiti mpaka mvula isanagwe, pomwe zithaphwi za m'tchire zauma ndipo chilichonse chimatsikira ku Shire. Tengani madzi akumwa anuanu, chifukwa a m'boti anali ogulitsa pamtengo wokwera, komanso chipewa, popeza denga la boti lathu linkaphimba theka lokha ndipo bambo anapsa khosi.

Pobwerera tinadutsa pomwe namasupuni waunjikana m'mbali, ndipo mwana wanga anafunsa za nsomba, zomwe gaidi anali asanazitchule n'komwe. Apa anawasiyira bambo bwalo. Anafotokoza za chambo, momwe chachikazi chimasungira mazira ndi tiana m'kamwa, n'kumatitulutsa kukadya ndi kutimezanso pakabwera choopsa, ndi momwe asodzi akale ankachibwezera m'madzi akachipeza chili ndi ana m'kamwa. Anafotokoza za mlamba, womwe umakhalabe ndi moyo m'matope madzi ataphwa ndipo umatha kukwawa pa udzu wonyowa usiku kufuna thamanda lina. Gaidi anangowonjezera kuti mlamba uli ndi kachiwalo pamwamba pa makha komwe kamautheketsa kupuma mpweya wa kunja. Alendo aja anafunsa kuti madalawo akuti chiyani, ndipo kwa mphindi khumi zomalizira gaidi anasanduka womasulira wa bambo anga.

Kodi ndidzapita ndi kalasi? Ndi gaidi ameneyu, inde, ndipo ndamuuza kale mkulu wa sukulu yathu kuti tiyambe kukambirana ndi komiti ya makolo. Koma ndisanalipire kalikonse ndidzafuna zinthu zitatu zilembedwe: majekete a msinkhu wa ana, mmodzi aliyense lake, boti la ife tokha lonyamuka pa nthawi yomwe tapangana, ndi mtengo wonse pamodzi ndi wa pachipata. Akakana, ndidzafunsa kampani ina, poti m'mbali mwa mtsinjewo si imodzi. Ndinafunsanso ngati pali mtengo wapadera wa ana a sukulu, ndipo wa pa ofesi anati ndilembe kalata kudzera kwa mkulu wa sukulu. Kalatayo ndalemba.

Lolemba lotsatira sindinadule mizere isanu ija. Ndinajambula mzere umodzi wa madzi kuchoka mbali ina ya bolodi kufika mbali ina, pamwamba pake n'kuikapo maso awiri ndi mphuno, katatu. Ndinawafunsa ana kuti pansi pa madzipo pali nyama zanji. Manja anakwera pafupifupi kalasi lonse, ndipo mtsikana wina wa kumbuyo, yemwe kwawo ndi kufupi ndi mtsinje ndipo chaka chonse sanayankhepo funso, anati yachiwiriyo ndi ng'ona, chifukwa maso ndi mphuno zatalikirana.